Malasha akamatha mu mbaula amapita kuti? Zomwe zinatichitikira mu khola la anapiye

Anzanga amene mumasunga mabuloila kuno ku Chipata, ku Katete, ku Chadiza, ku Lundazi ndi konse kumene June akangolowa timathamangira mbaula, ndati ndikufotokozereni zomwe zinachitika pakhomo pathu mu 2024 chifukwa ndikamayendera makola a anzanga ndikuonabe zomwezo, masaka mbali zonse, pulasitiki pamwamba, mbaula pakati, ndiye pambali munthu wayala mphasa ati akuyang'anira moto. Ife mwana tinatsala pang'ono kumuika m'manda. Nkhaniyi ndi yaitali koma chonde musadumphe, makamaka inu amene muli ndi mwana kapena wanchito amene amagona ku khola usiku.

Chaka chimene chija mukuchikumbukira nonse. Mvula inadula chimanga chisanakhwime, pa 29 February a President Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anatsika ndipo poti magetsi athu ambiri kuno ku Zambia amachokera ku madzi, malaiti anayamba kupita maola ambirimbiri. Mababu ofiira aja otenthetsera anapiye anangokhala chabe opanda nchito. Koma anapiye amafunabe kufunda, sabata yoyamba amafuna madigiri 32 mpaka 34 usana ndi usiku, pomwe kuno June usiku kumazizira mpaka madigiri 12 kapena kutsikirapo makamaka m'bandakucha. Ndiye aliyense anagwira mbaula basi, ndipo malasha aja amabwera pa njinga kuchokera kumidzi anakwera mtengo, tinkangogula poti nanga tikanatani.

Ife tinali titatenga anapiye 200. Khola lathu ndi la njerwa mpaka m'chiuno, pamwamba waya, ndiye nthawi yozizira timatchinga ndi masaka ndi pulasitiki yakuda monga mmene aliyense amachitira kuno. Mkati munali mbaula ziwiri. Amene ankaonako usiku ndi mwana wa akulu anga, mnyamata woti anali atamaliza grade 12, wodekha ndithu ndipo nkhuku amazikonda kuposa ana anga enieni.

Tsiku limenelo ndinadzuka kusanayere kuti ndikasinthe madzi m'zomwera, ndipo chimene chinandidabwitsa ndisanafike nkomwe pa chitseko ndi bata. Amene mumasunga anapiye mukudziwa kuti sakhala chete, olo usiku pamakhala kaphokoso ndithu. Nditatsegula ndinapeza ambiri ali gone gone pa utuchi, ena akutsegula kukamwa osayenda, ndipo mnyamata uja ali chafufumimba pafupi ndi chitseko atasanza. Ndinamuitana osayankha, ndinamugwedeza osayankha, akupuma koma mpweya wake wolemera. Ndinakuwa, amuna anga anabwera akuthamanga tinamukokera panja. Mu kanthawi kochepa kamene ndinakhala mkatimo nanenso mutu unayamba kugunda. Utsi munalibe anzanga, ndikubwereza, munalibe utsi olo pang'ono, malasha anali atafiira bwinobwino ena atakutidwa ndi phulusa.

Aneba anadzadza pakhomo ndipo aliyense anali ndi mankhwala ake. Wina ati mumwetseni mkaka, wina ati muthireni madzi ozizira, wina ati ndi khunyu, wina anayamba kale kunong'ona za anthu a nsanje. Amene anatithandiza ndi amai ena achikulire a nyumba yachitatu amene anagwirapo nchito ku chipatala kale, anakalipa kuti "Iyayi, munthu wokomoka samwetsedwa kanthu, atsamwa uyu. Mugonekeni chammbali, kukamwa kuyang'ane pansi, inu abambo thamangani mukapeze galimoto." Ndimawathokoza mpaka lero.

Ku chipatala anamuyeza malungo sanapezeke. Atangomva kuti anagona ndi mbaula m'khola lotseka anamuvala chigoba cha okosijeni nthawi yomweyo ndipo anakhala nacho maola ambiri. Kachipangizo kaja amapanitsa pa chala kankaonetsa ngati magazi ake ali bwino, ine ndinayamba kulimba mtima, koma adokotala anandiuza kuti pa vuto la mbaula kachipangizo kameneka kamanama, sikasiyanitsa okosijeni ndi poizoni amene walowa m'magazi. Anatinso munthu akamangopuma mpweya wamba pamatenga maola 4 kapena 5 kuti theka chabe la poizoniyo lichoke, koma ndi okosijeni wa ku chipatala ndi ola limodzi ndi pang'ono. Ndiye inu amene mumati tamutulutsa panja watsitsimuka basi agone, ganizirani zimenezi.

Atatsitsimuka anandifotokozera kuti, "Amai, pakati pa usiku anapiye anaunjikana pamodzi ndiye ndinaonjezera malasha nkutseka kampata kaja ka pamwamba. Kenako mutu unayamba kuwawa ndimati ndi malungo, ndinagona pang'ono. Nditadzuka ndinafuna kutuluka koma miyendo inakana." Apa ndi pamene ndimafuna mumvetse. Mwanayu anazindikira kuti zinthu sizili bwino, chitseko anali kuchiona, koma mphamvu zoti afikepo zinali zitatha kale. Amene amati ine ndikamva chizungulire ndidzadzuka ndituluke sakudziwa mmene chinthuchi chimagwirira munthu.

Anapiye anafa opitirira theka, koma zimenezo sizinandikhudze kwenikweni panthawiyo. Chimene chinkandisowetsa tulo ndi funso loti nanga utsi munalibe, chamupweteka mwana ndi chiyani? Amene anandimasulira ndi alamu anga, mng'ono wa amuna anga, amaphunzitsa sayansi ku sekondale. Anabwera kudzaona wodwala ndipo titakhala pa khonde anandifunsa kuti, "Alamu, thumba lija la malasha mumachita kunyamula awiri, mukaliotcha lonse phulusa limatsala lochuluka bwanji?" Ndinati lochepa chabe, loti mwana anyamula ndi dzanja limodzi kukataya. Anati, "Nanga kulemera konse kuja kwapita kuti?" Ndinati kwapsa, kwatha. Anapukusa mutu ati, "Palibe chimene chatha alamu, chonse chili mu mpweya, ndipo ngati munatseka chili mkati momwemo."

Anandifotokozera chonchi, ndipo ndayesetsa kusunga manambala mmene anandilembera pa pepala. Malasha mbali yaikulu ndi kaboni, pafupifupi magawo atatu mwa anayi ngati anaphikidwa bwino. Mpweya umene tikupumawu uli ndi okosijeni magawo 21 pa 100. Kuyaka kwa moto ndi kaboni uja akugwirana ndi okosijeni, ndipo pogwiranapo ndi pamene pamatuluka kutentha kumene timafuna. Okosijeni akakhala wokwanira, ka atomu kamodzi ka kaboni kamagwira tima atomu tiwiri ta okosijeni, chimene chimapangika ndiye carbon dioxide. Tikayerekeza kulemera kwa tima atomuto, kaboni amalemera 12, okosijeni awiriwo 32, pamodzi 44. Tanthauzo lake ndi loti kilo imodzi ya kaboni ikapsa yonse imatulutsa carbon dioxide wolemera makilo 3.67. Ine poyamba ndinakana, ndinati chinthu chingapse bwanji nkutulutsa cholemera kuposa chimene unaika pa moto, koma ndi zoona, kulemera koonjezerako ndi kwa okosijeni amene moto watenga mu mpweya. Ndiye kilo imodzi ya malasha athuwa imadya okosijeni pafupifupi makilo 2 nkutulutsa carbon dioxide pafupifupi makilo 2.7, ndipo alibe mtundu, simungamuone.

Kenako anawerengera chipinda. Anati tengani chipinda cha mamita 3 uku, 3 uku, kutalika 2 ndi theka, okosijeni yense amene ali mmenemo safika makilo 6 nkomwe. Ndiye kilo imodzi chabe ya malasha, yoti mbaula yaikulu imamaliza osavuta, itha kudya pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la okosijeni yenseyo ngati simukulowa wina. Onjezerani anapiye 200 akupuma, munthu akupuma, mbaula ziwiri. Carbon dioxide amalemeranso kuposa mpweya wamba, akazizira pamalo opanda mphepo amakonda kukhala m'munsi, ndipo m'munsimo ndi mmene muli anapiye ndi munthu wogona pa mphasa.

Koma amene amapha msanga ndi mnzake. Okosijeni akayamba kuchepa moto suzima nthawi yomweyo ai, umapitiriza kunyeka, kungoti kaboni uja mmalo mogwira okosijeni awiri amagwira mmodzi chabe, ndipo chimene chimatuluka ndi carbon monoxide. Ameneyu alibe fungo, alibe mtundu, sayabwa m'maso, satsokomoletsa. Ndipotu mbaula imamutulutsa nthawi zonse olo panja, chifukwa pakati pa mulu wa malasha mpweya sufika bwino. Timalawi ta buluu timene mumaona tikuvina pamwamba pa malasha ndi carbon monoxide yemweyo akupsa kusanduka carbon dioxide. Timalawito tikazima, malasha nkumangofiira pansi pa phulusa, amakwera osapsa. Nthawi imene ife timati moto wakhazikika tilowetse m'nyumba, poizoni akutulukabe.

Akalowa m'mapapo amapita m'magazi. Alamu anati ganizirani minibasi ya ku Kapata, mipando yake ndi yoti anyamule okosijeni kupita naye ku ubongo ndi ku mtima, ndiye carbon monoxide akakwera amakhala pa mpando osatsika, minibasi ikungozungulira yodzaza koma amene akufunika sakufika. Amakakamira ku magazi kuposa okosijeni kopitirira ka 200. Nchifukwa chake safunika wambiri, olo gawo limodzi pa magawo 1,000 a mpweya wa m'chipinda litha kukomola munthu mu maola ochepa. Zimayamba ndi mutu, chizungulire, mseru, kufooka, kusokonezeka maganizo, zonse zofanana ndi malungo, ndipo wogona tulo samva chilichonse amangopitirira.

Pali zinthu zimene timauzana kuno zoti ndikupempheni muzisiye. Beseni la madzi pafupi ndi mbaula silikoka poizoni ameneyu, sasungunuka m'madzi mokwanira kuti zithandize. Kuwaza mchere pa moto sikuchotsa kalikonse. Kudikira kuti utsi uthe kumangothandiza maso ndi chifuwa, poizoni weniweni alipobe. Mkaka ndi wabwino kwa munthu wanjala koma supita kukachotsa chimene chakakamira m'magazi, mankhwala ake ndi okosijeni basi.

Nkhani ya malasha amiyala, aja okumba pansi, inabwera patapita milungu ingapo. Mnzawo wa amuna anga amayendetsa thiraki njira ya ku Katete kudutsa pa boda ya Chanida mpaka ku Tete, kumene kuli migodi ikuluikulu ya ku Moatize. Atamva zimene zinatichitikira anabweretsa kathumba ati, "Amai yesani awa, amakhala usiku wonse, palibe chifukwa choti mwana azigona ku khola kuonjezera moto." Ankafuna kutithandiza ndithu, ndipo azimai anzanga a nkhuku atamva anayamba kale kufunsa mtengo. Tinawayesa panja pabwalo. Ndi olemera, ena onyezimira, amavuta kuyatsa mpaka uyambe ndi nkhuni, ndipo atagwira anatulutsa utsi wokhuthala ndi fungo lobaya pakhosi ngati la machesi ongoyatsa kumene. Kutentha amatentha zoona ndipo amakhalitsa, phulusa lake ndi lambiri kuposa la malasha a mitengo.

Alamu nditawaonetsa anati musayerekeze kulowetsa amenewa mu khola kapena m'nyumba. Nawonso ndi kaboni yemweyo, lamulo lake ndi lomwelo la 12 ndi 32, okosijeni akakwana carbon dioxide, akachepa carbon monoxide, ndiye pamwamba pake ali ndi salufa amene akapsa amatulutsa mpweya wobaya uja umene umapweteka mapapo a anthu ndi a nkhuku zomwe. Kukhalitsa kwakeko ndiye kuopsa kwake, chifukwa amanyeka pang'onopang'ono usiku wonse anthu ali m'tulo. Tani imodzi ya malasha amiyala ikapsa imatulutsa carbon dioxide wopitirira matani awiri, kutengera ndi mtundu wake poti ena ali ndi kaboni wambiri ena ali ndi phulusa ndi chinyezi chambiri.

Chimene chinandigwira mtima ndi kumene kaboni ameneyu amachokera. Mtengo ukamakula umakoka carbon dioxide mu mpweya kudzera m'masamba, nkusunga kaboni mu thunthu. Ndiye malasha a mtengo wa mombo amene ndagula lero, kaboni wake anali mu mpweya zaka makumi angapo zapitazo, ndikawaotcha ndamubweza, ndipo ngati pa chitsa paja paphukanso mtengo udzamukokanso. Vuto lathu ndi loti sitikuipatsa mpata mitengo, aliyense amene wayenda pa Great East Road waona matumba ali ndandanda m'mbali mwa msewu cha ku Nyimba mpaka ku Luangwa, ndipo uvuni wa dothi umadya nkhuni zolemera kasanu kapena kuposa kuti utulutse malasha. Koma amiyala ndi nkhani ina. Ndi zomera za m'madambo zimene zinakwiririka zaka zopitirira 250 miliyoni zapitazo, kaboni wake anali atatsekeredwa pansi nthawi yonseyo, ukamukumba nkumuotcha waonjezera watsopano mu mpweya ndipo palibe chitsa choti chiphuke.

Zimenezi zikuchitikanso kwathu konkuno. Ku Maamba m'boma la Sinazongwe ku Southern Province kuli mgodi, ndipo kuyambira 2016 kuli siteshoni ya magetsi ya mamegawati 300 yoyendera malasha amiyala. Amawaotcha kuti awiritse madzi, nthunzi nkuzunguza makina, magetsi nkutuluka. Kumeneko amapemerera mpweya wambiri kuti kaboni apse yense, ndiye chimene chimakwera mu chumuni mbali yaikulu ya kaboni uja ndi carbon dioxide. Ameneyu sakomola munthu panja chifukwa amamwazika, koma amakhala mumlengalenga zaka zambirimbiri akusunga kutentha kwa dziko. Mafakitale asanayambe anali magawo 280 pa magawo miliyoni a mpweya, pano wapitirira 420, ndipo pa carbon dioxide yense wochokera ku mafuta, gasi ndi malasha amiyala, amiyalawa okha amapereka pafupifupi magawo 40 pa 100. Chilala cha 2024 chinabwera ndi El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumachepetsa mvula kuno, koma dziko likamatentha zilala zotere zimapweteka kwambiri chifukwa nthaka ndi madamu zimauma msanga.

Ine maganizo anga pa nkhaniyi ndi akuti sindingaime pano nkunyoza Maamba, chaka chija Kariba atachepa mphamvu magetsi ochepa amene tinkaona ena ankachokera komweko, ndipo dziko lathu utsi umene limatulutsa ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi China, America kapena South Africa. Koma sindifunanso kuti wina atinamize kuti malasha amiyala ndi aukhondo, kapena kuti moto ukakhala wopanda utsi ndiye kuti palibe chikutuluka. Bodza limeneli ndi limene likutipweteka m'makola ndi m'nyumba zathu. Ndipo zimandiwawa kuti ana amaphunzira zimenezi ku sukulu, mnyamata wathu uja anazilemba pa mayeso, koma palibe amene anamuuza kuti zimene analemba pa pepala ndi zomwe zimachitika mu mbaula ya m'khola.

Nkhuku sitinasiye, tikusungabe, koma tinasintha zambiri. Palibe munthu amene amagona ku khola, olo zitavuta bwanji. Timatchera alamu ya pa foni, wina amadzuka kukaona, akafika amayamba watsegula chitseko nkuima kaye panja pang'ono, akalowa amachita zimene wabwerera nkutuluka. Moto tinauchotsa mu mbaula yotsegula, tinapita kwa owotcherera zitsulo anatipangira dilamu yokhala ndi kachitseko ndi paipi yotulukira pa denga, ndiye kutentha kumabwera kudzera mu chitsulo koma mpweya wa moto umapita panja. Zinatidyera ndalama koma zosafika pa anapiye amene tinataya usiku umodzi uja. Paipiyo muziiona pafupipafupi, ikaboola kapena ikatsekeka ndi mwaye mwabwerera pomwe paja. Ngati dilamu simungakwanitse pakali pano ndipo mukugwiritsabe mbaula, yatsirani panja, ndipo masaka asamafike mpaka ku denga, siyani mpata pamwamba mbali ziwiri zoyang'anana usiku wonse kuti mpweya uzidutsa pamwamba pa anapiye osawaomba. Mpata umenewo usatsekedwe olo kuzizire bwanji. Kukazizira kwambiri chepetsani malo, zungulizani makatoni kuti anapiye akhale pafupi ndi moto, osati kutseka mpweya.

Anapiye eni ake amakuuzani. Akaunjikana pafupi ndi moto akulira ndi kuzizira, akathawira m'mbali atatsegula kukamwa ndi kutentha, akamwazikana akudya ndi kumwa zili bwino. Koma mukawapeza ali ofooka, akusinza onse, osathawa dzanja pomwe kutentha kuli bwinobwino, tsegulani msanga, ndi mpweya umenewo. Ena mwa amene anapulumuka kwathu atakula anayamba kutupa mimba, ukawapha mkati muli madzi achikasu, ndipo a za ziweto anatiuza kuti kuchepa kwa okosijeni anapiye ali ang'ono ndi chimodzi mwa zimene zimabweretsa vuto limeneli poti buloila amakula msanga ndipo mtima wake umagwira nchito yaikulu. Ndiye olo asafe usiku womwewo mutha kuluzabe pa sabata yachisanu mutawononga kale fidi. Kulinso tima alamu ta mabatire timene timalira carbon monoxide akachuluka, ngati muli ndi m'bale ku Lusaka mutumeni akufunireni, kamodzi ka m'khola kena ka m'nyumba.

Ndakamba kwambiri za khola koma m'nyumba ndi chimodzimodzi. Ndimaganiza za alonda amene amakhala mu tinyumba ting'onoting'ono ta pa geti ndi mbaula pakati pa miyendo chitseko chotseka, za azimai pa maliro amene timagona m'nyumba tambirimbiri mawindo otseka mbaula ili pakona, za amai amene angobereka kumene ndipo apongozi mwa chikondi alowetsa moto kuti khanda lifunde. Khanda ndi mai woyembekezera ndiwo amapwetekeka msanga, mwana wa m'mimba amatha kuvulala olo mai ake akungomva mutu chabe. Jenereta nayonso imatulutsa poizoni yemweyu, isamalire m'nyumba, mu shopu yotseka kapena pa khonde pafupi ndi windo. Mukaona kuti nonse m'nyumba mwadzuka ndi mutu tsiku limodzi, ana akusanza, koma mukatuluka panja mukupezako bwino, musathamangire kugula mankhwala a malungo, yambani mwafunsa kuti usiku munali moto wanji m'nyumbamo.

Mukapeza munthu wakomoka, tsegulani zitseko ndi mawindo, mutulutseni msanga inuyo osachedwamo, mugonekeni chammbali, osamumwetsa kanthu, ndipo pitani naye ku chipatala olo atatsitsimuka panjira nkumati ndili bwino. Mukafika nenani poyambirira kuti anali ndi mbaula m'chipinda chotseka, musadikire kuti akufunseni, chifukwa zizindikiro zake zimasokoneza ndipo nthawi imene akufufuza matenda ena ndi nthawi imene akanakhala ali pa okosijeni. Onse amene anali m'chipindamo apite, osati wokomoka yekha.

China chimene ambiri sadziwa ndi choti vutoli limatha kubwereranso munthu atachira. Mnyamata wathu atatuluka ankaoneka bwino, koma patapita masiku anayamba kuiwalaiwala, ukamutuma ku msika amabwera ndi zina, mutu ukumuwawa pafupipafupi komanso kupsa mtima msanga zimene sanali kuchita kale. Akulu anga ankati mwina ndi mantha chabe. Titabwerera naye ku chipatala anatiuza kuti zimachitika ndithu ubongo ukasowa okosijeni, zitha kuyamba patapita masiku ochepa mpaka milungu isanu kapena isanu ndi umodzi, ena zimatha ena zimakhalitsa. Iye zinamutenga miyezi koma pano ali bwino ndipo ali ku koleji. Ndiye wanu akatuluka m'chipatala muzimuyang'anitsitsa kayendedwe, kalankhulidwe ndi kukumbukira kwake, mukaona zachilendo bwererani naye ndipo mukawakumbutse adokotala za mbaula ija olo patapita mwezi.